Uta Ulipo, Nanga Nsinga Ili Kuti?



Mukukumbukira Loweruka lija tinkakonzekera sewero la moyo wa makolo, anyamata atatu atabwera ndi mauta? Mitengo anasema bwino ndithu, mivi yake ya bango, nthenga zili mbwee. Koma wina anamangirira mphira ya chubu cha njinga, wina ulusi wosolola ku thumba la feteleza, wachitatu luzi la mombo. Titayesa pabwalo la mpira, muvi wa mphira unangogwera pafupi, wa ulusi unapita chokhota, luzi lija linaduka pokoka kachiwiri. Agogo ena amene ankadutsa anaima n'kuseka. "Ana inu," anatero, "uta si mtengo ayi. Uta ndi nsinga." Basi n'kumapita.

Mawu amenewa andisowetsa tulo, ndiye lero tiyeni tiwatsate.

Uta m'dziko muno ndi wakale kuposa khasu. Makolo athu a Chimaravi asanafike, kuno kunali Akafula, anthu odalira ulenje ndi zipatso za m'tchire. Mivi yawo ankaisongola ndi timiyala takuthwa, ndipo akatswiri amati zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndi ntchito ya manja awo. Alimi odziwa ng'anjo atabwera, nsonga ya muvi inasanduka yachitsulo. Mpwitikizi wina, António Gamitto, anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 ndi 1832 pa ulendo wopita kwa Kazembe, ndipo anapeza uta ndi mivi zili zida za tsiku ndi tsiku. Ngakhale chilankhulo chathu chikuchitira umboni. Mvula ikakata, chimene chimaoneka kumwamba timati uta wa Leza. Munthu wozengereza timamuuza kuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Koma taonani vuto lake. Mwala suola. Chitsulo chimachita dzimbiri koma chimatsala. Mtengo wa uta ukasungidwa padenga pofika utsi, umakhala zaka zambirimbiri. Chimene chimayamba kutha ndi nsinga: makoswe, chiswe, chinyezi. Ndiye mbali imene agogo aja akuti ndiyo uta weniweni, ndi yomwe mbiri yathu imaisowa msanga.

Dzina lokhalo likutipatsa poyambira. Mawu oti nsinga amanena chingwe cha uta, amanenanso mtsempha wolimba wa nyama. Alenje a m'mayiko ambiri a kuno ku Africa ankatenga mitsempha ya kumsana, ya m'khosi kapena ya m'miyendo ya nyama zikuluzikulu, kuiumitsa, kuisasantha kuti ikhale tiulusi, kenako n'kuipota. Ahadza a ku Tanzania, pafupi ndi nyanja ya Eyasi, akuchitabe zimenezi mpaka lero. Ena ankalenga chikopa mopyapyala n'kuchipota chikadali chonyowa. Enanso ankapota ulusi wa zomera.

Nanga kusiyana kwake kuli pati? Mukakoka uta, mphamvu ya mkono wanu imakasungika mu mtengo umene wapindikawo. Mukasiya, mtengo umawongoka, ndipo ntchito ya nsinga ndi kupereka mphamvuyo ku muvi osadyako. Nsinga imadyako m'njira zitatu.

Yoyamba ndi kutamuka. Chingwe chotamuka chimameza mphamvu ina m'malo moipereka. Ndi chifukwa chake mphira ija inatichititsa manyazi: mtengo sunapindike n'komwe, mnzathuyo anali atangopanga legeni yaikulu. Chingwe chikamatamuka pang'onopang'ono, mpata wa pakati pa uta ndi nsinga umachepa, nsinga imayamba kukumenya padzanja, ndipo muvi wa lero sugwera pamene unagwera wa dzulo.

Yachiwiri ndi kulemera. Mtengo sukankha muvi wokha, umakankhanso nsinga. Nsinga yonenepa ili ngati katundu woonjezera pa kabaza: ulendo umachedwa. Muvi wochedwa umagwa msanga, ndiye mlenje amayenera kuloza m'mwamba kwambiri, mwayi wophonya n'kuchuluka. Koma mukachepetsa mopitirira, nsinga imaduka, ndipo ikaduka uta uli chikokere, mtengonso ungathe kuthyoka. Kunenepa kwa nsinga kuyeneranso kugwirizana ndi kamphako ka kumbuyo kwa muvi. Ikathina, muvi umachoka mokakamira. Ikakhwepa, umachoka chammbali, monga unachitira wa ulusi wa thumba uja.

Yachitatu ndi nyengo. Mtsempha ndi chikopa zimalimba nthawi ya chilimwe, koma zikamwa madzi zimafewa ndi kutamuka. Ulusi wa zomera suopa madzi chomwecho, koma umaperepeseka ndi kukhulana, n'chifukwa chake oponya mivi amaupaka phula. Ganizirani mlenje akulowa m'dambo la Bua m'mamawa mame ali chonchi, kapena mu Januwale mvula ili pakati. Nsinga yake ikalefuka, banja ligona ndi ndiwo zamasamba. Uzimba waukulu unkachitika m'chilimwe, tchire litapsa, pa zifukwa zingapo, ndipo nyengo youmayo inkakomeranso nsinga.

Si kuno kokha. Ku France mu 1346, pa nkhondo ya Crécy, nkhani imanenedwa kuti mvula inagwa nkhondo isanayambe. Asilikali a ku Genoa zingwe za mauta awo zinanyowa, pamene Angerezi anamasula zawo n'kuzibisa pouma, ndipo Angereziwo ndi amene anapambana. Zifukwa zinalipo zambiri, koma anthu akukumbukirabe kachingwe.

Makolo athu analinso ndi nzeru ina yothandizira uta: ulembe. Ku chigwa cha Shire, Amang'anja ankapaka mivi mankhwala ochokera ku njere za kombe. Muvi wotere sunkafunika kulowa kwambiri, bola ufike ndi kulasa. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone, anaona mtima wake ukugunda pang'onopang'ono atatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana ndi kombe m'thumba. Mu 1885 Thomas Fraser wa ku Edinburgh analengeza za mankhwala a mtima ochokera ku kombe yemweyo. Azungu analemba zambiri za ulembe chifukwa unawapindulira. Kapotedwe ka nsinga kanatsala m'manja mwa eni ake.

Nanga uta unatha bwanji? Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi, atanyamula zishango za chikopa cha ng'ombe ndi nthungo zobayira pafupi. Patapita zaka, a Mpezeni anakhazikika dera la Chipata, ndipo nkhondo zawo zinkafika m'zigwa za Mchinji ndi Lilongwe zino. Muvi umafuna mpata, koma Mngoni ankabisala kuseri kwa chishango n'kuthamangira pafupi. Achewa ambiri anamanga malinga, ena anathawira kumapiri, mafumu ena monga Mwase wa ku Kasungu anagula mfuti kwa amalonda a minyanga ndi akapolo. Angerezi atagonjetsa Mwase mu 1895 ndi Angoni a Mpezeni mu 1898, uta unatsalira ulenje wokha. Kenako tchire linasanduka minda ya fodya ndi chimanga, nyama zinatha, ndipo malamulo anabwera. Lero kusaka nyama zotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndiye pasapezeke wina wonena kuti kalabu yamutuma ku Dzalanyama, mwamva?

Komabe uta sunafe. Mu 2016 Areneo David anaimira Malawi pa masewero a Olimpiki ku Rio de Janeiro, kuponya mivi pa mtunda wa mamita 70. Nsinga za masiku ano ndi za ulusi wa m'fakitale monga Dacron ndi Dyneema, koma mafunso amene opanga ake amalimbana nawo ndi atatu omwe aja: ikutamuka bwanji, ikulemera bwanji, ikupirira bwanji nyengo. Agogo athu ankawayankha ndi zala ndi khutu, pomvera kulira kwa nsinga akaikunga.

Ndiye ntchito nayi, anzanga. Sabata ino aliyense apeze gogo mmodzi, kaya kwa Kabudula, ku Nambuma, ku Namitete kapena konkuno ku Nsaru. Pitani mwaulemu, khalani pansi, mufunse: Kodi agogo, nsinga munkapangira chiyani? Munkapota bwanji? Mvula ikagwa munkatani? Mtengo wa uta unali uti? Akalola, jambulani mawu awo pafoni, mubwere nawo ku msonkhano wotsatira. Ndipo amene akuwadziwa agogo anatiseka pabwalo aja, chonde atilondolere kwawo. Tikufuna tikawapepese ndi kankhuku, atiphunzitse kupota.