Michere

Mawu akuti michere amachokera ku mchere, koma alangizi a zaulimi akamawatchula sanena za uja timathira m'ndiwo. Amatanthauza nayitrojeni, fosifolasi, potaziyamu, salifa, zinki ndi zina zomwe mizu ya chimanga, nyemba kapena mpendadzuwa imayamwa zitasungunuka m'madzi a m'nthaka. Ndikuona kuti dzinali ndi loyenera, ndipo umboni wake uli pamoto. Zitsononkho zikapsa, gawo lalikulu, lomwe chomera chinapanga kuchokera ku mpweya ndi madzi, limapita ndi utsi n'kutsala kaphulusa kochepa. M'phulusamo ndimo mwatsalira michere yambiri, ndipo mayi akamacheza chidulo chophikira therere amakhala akutapa potaziyamu yemwe chomeracho chinakoka m'nthaka.

Wina anganene kuti mchere umapha mbewu, ndiye dzinali likusocheretsa. Zoona, mchere wa m'ndiwo ukachuluka m'munda mbewu zimafota. Komatu feteleza nayenso akathiridwa wambiri patsinde penipeni amawotcha chimanga mwa njira yomweyo, pokoka madzi m'mizu, ndiye dzinali limachenjeza mlimi za mlingo. Chitsutso champhamvupo n'chakuti nayitrojeni sapezeka m'phulusa, chifukwa amathawa ndi utsi. Komabe mizu imamulandira atasungunuka ngati michere inzake, ndipo pathumba la feteleza wa 23:21:0+4S nambala yoyambayo ndi yake. Wotentha mapesi m'munda amatsala ndi potaziyamu, koma amataya nayitrojeni yemwe adzamugulenso kusitolo.