Mpingo unawapeza pathangata

Kale njanji ya Nacala isanalumikize Entre Lagos ndi Nayuchi mu 1970, anthu a dera la Mecanhelas ku Mozambique, kum'mawa kwa Nyanja ya Chiuta, ankalowa m'Nyasaland wapansi kapena pabwato. Chimene chinkawasamutsa ndi msonkho ndi chibalo. Companhia do Niassa, kampani imene inalamulira chigawocho mpaka 1929, inkafinya anthu kotheratu, ndipo Alomwe ambirimbiri, amene atsamunda ankawatcha Anguru, anasenza akatundu kulowera ku Zomba, Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo.

Kumeneko anapeza thangata. Mlendo wopanda munda ankapatsidwa malo pa esiteti ya mzungu, n'kumalipira ndi thukuta: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika malinga ndi mtima wa kapitawo.

Ambiri mwa iwo anayamba kuona wansembe ali kuchilendoko. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, n'kutsegula Nguludi mu 1903, kufupi ndi minda ya A. L. Bruce ku Magomero kumene Alomwe ankalima thonje. Kwawo, amishoni a Consolata anadzatsegula Massangulo mu 1928, ndipo Mepanhira, m'boma la Mecanhelas, anayamba mu 1938. Ntchito yaikulu inali m'manja mwa akatekisiti ndi aphunzitsi a sukulu za m'midzi, amene ankaphunzitsa katekisimu, kukonzekeretsa ubatizo ndi kuika maliro a anthu osiya abale kutali.

Koma mawu a Mpingo wa Katolika pa thangatalo anali ochepa kwambiri, ndipo zimenezi sizoyenera kuzibisa. Amene anadandaula poyera za nkhanza za ku Magomero anali M'busa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission. Pa kuukira kwa Januwale 1915, anthu ake anatentha mishoni ya Nguludi ndi kuvulaza wansembe. Thangata linatha mu 1962.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inadzatsegulanso njira zakale zija. Malawi inalandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri ankadya za ganyu m'minda ya eni dziko. Apa miphakati, imene maepiskopi a kum'mawa kwa Africa (AMECEA) anaikapo mtima kuyambira 1973, inathandiza: ngakhale kopanda wansembe, Akhristu ankatha kusonkhana, kupemphera ndi kuzonda odwala. Kalata ya maepiskopi a Malawi ya pa 8 Malichi 1992 inadzudzula mosabisa malipiro ochepa a antchito, ndipo pa 4 Okotobala chaka chomwecho pangano la mtendere la ku Mozambique linasainidwa ku Rome mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio.

Othawa nkhondo atabwerera kwawo, vuto lofinya antchito linatsalira m'minda ya fodya, kumene matenanti ankakongola chakudya kwa mwini munda chaka chonse, n'kutsala opanda kanthu pogulitsa. Centre for Social Concern, bungwe la ansembe a White Fathers ku Lilongwe, linafufuza ndi kulankhula za iwo kwa zaka zambiri. Lamulo loletsa utenanti linadzabwera mu 2021.