Wailesi Imene Inatiphunzitsa Kuona ndi Makutu

Temu iriyonse ndimacongera nkhani za ana a Giredi 11, ndipo zambiri zimadwala matenda amodzi. Mwana amalemba kuti, "Mai anakwiya kwambiri, ndiye panali ndeu." Basi, ndeu yatha m'mzere umodzi. Wowerenga sanaone mbale ikugwa, sanamve liu la munthu. Wangopatsidwa lipoti ngati la kupolisi. Komatu Cinyanja cathu cili ndi mbiri yaitali ya anthu odziwa kuimika cocitika pamaso pa omvera.

Luso limeneli linayambira pamoto. Agogo posimba nthano ankasintha mau, uku Kalulu uku Fisi, ndipo omvera ankayankha kuti ali tonse. Mwana akayamba kusinza, wosimba ankadziwa pomwepo kuti nthano yazizira.

Nkhani zitalowa m'mabuku, manja ndi nkhope za wosimba zinatsala kunja. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma ku Malawi, anatulutsa buku la Nthondo mu 1933. Linapata mphoto pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingelezi mu 1934. Bukuli limatsata moyo wa munthu mmodzi kwa zaka zambiri. Wolemba nkhani yotere amakumana ndi funso limene inunso mudzakumana nalo: ndi zaka ziti zongodutsa mwacidule, nanga ndi tsiku liti loyenera kuimapo kuti anthu alankhule okha?

Kuno kwathu yankho lamphamvu linacokera pa wailesi. Ku Lusaka kuulutsa mau kunayamba mu 1941. Mu 1949 kunabwera kawailesi ka batire ka Saucepan Special, kooneka ngati poto, ka mtengo wa mapaundi 5, ndipo mabanja ambiri anayamba kumvera nkhani m'zinenero zao. Pambuyo pa ufulu wa 1964, Julius Chongo anachuka ndi pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Iye ankasewera yekha anthu onse a m'nkhani, aliyense ndi liu lake. Omvera sankamuona, motero mau ndiwo anali maso ao. Ernst Wendland anafufuza kasimbidwe kake m'maphunziro a udokotala ku University of Wisconsin mu 1979.

Zida zake zinali zitatu zimene nonse muli nazo. Coyamba, anthu ankalankhula okha m'malo moti wosimba atiuze zimene ananena. Caciwiri, ankagwiritsa nchito mvekero, timau monga phwa, zii, gubudu, timene timanyamula phokoso ndi kayendedwe. Cacitatu, ankadziwa pothamanga ndi pocedwa: ulendo wa masiku atatu m'mpweya umodzi, koma mphindi ya ngozi aikoke mpaka mtima ugunde.

Tiyeni tiyese pa ndeu ija. Tikhale ku Matero, magetsi apita.

Mai anaika mbale ya nsima patebulo, gwa! "Ndalama ya lendi ili kuti, atate a Tisa?" Bambo anayang'ana kandulo. "Dikirani pa 30." "Pa 30 panadutsa dzulo." M'nyumba munangoti zii. Tisa anabweza dzanja limene linali litafika kale pa ndiwo.

Palibe pamene ndalemba kuti "anakwiya", koma mkwiyo mwaumva. Pali malo amodzi, nthawi imodzi, munthu wofuna cinthu ndi wina womutsekera njira. Ndipo pofika kumapeto cinacake casintha: mwana wasiya kudya. Cocitika cimene cimatha monga cinayambira n'cofunika kudula.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mamakisi a mayeso. Ambiri a inu mumaseketsa anzanu m'minibasi ndi pa WhatsApp m'Cinyanja ca m'tauni, koma mukagwira bolopeni mumauma ngati kalata yopempha nchito. Tikapitiriza tero, moyo wa ku Kanyama, Chawama ndi Mtendere udzalembedwa ndi alendo, kapena sudzalembedwa n'komwe.

Sabata ino khalani pamsika mphindi khumi. Mverani wogula ndi wogulitsa akukangana pa mtengo wa kapenta. Lembani zimene anena ndi zimene manja ao acita, osafotokoza za mumtima. Kenako werengerani mnzanu mokweza. Akatenga foni yake, bwererani mukalembenso.