Zomwe a ku Joni sankasimba

Kwathu mbiri ya ku Joni timaidziwira pa katundu. Njinga, wailesi, bulangete lolemera lija, sutikesi yachitsulo yomwe agogo amasungiramo mapepala mpaka lero. Amuna amene anapita pa Wenela ankabwera atatchena, n'kumasimba za sitima ndi magetsi a mu Johannesburg. Koma za tsiku limene anawavula zovala asanawalembe ntchito, ayi ndithu, zimenezo sizinkatuluka pakamwa. Ine ndinazionera pa chithunzi cha Ernest Cole.

Pachithunzipo pali amuna pamzere, ali mbulanda, manja m'mwamba, nkhope zaloza kukhoma, akudikira kuti adokotala awayeze ngati angathe ntchito ya mumgodi. Cole anajambula zimenezi ali ndi zaka za m'ma 20, kamera ataibisa m'kathumba kapepala kotengeramo chakudya. Palibe anamutuma. Inali ntchito yakeyake, yomwe ankaisonkhanitsa mwakachetechete kwa zaka zingapo.

Mnyamatayu anabadwa mu 1940 ku Eersterust, kufupi ndi Pretoria, ndipo mu 1958 anayamba ntchito ku magazini ya Drum. Ataona buku la zithunzi za ku Moscow la Henri Cartier-Bresson, anaganiza zoti dziko lakenso likufunika buku lotero. Vuto linali chitupa: munthu wakuda sankayenda mwachisawawa. Ndiye taonani nzeru zake. Anasintha dzina kuchoka pa Kole kukhala Cole, n'kukakopa akuluakulu a boma mpaka anamulemba kuti ndi mkaladi. Lamulo losankhana mitundu analizemba pogwiritsa ntchito lamulo lomwelo.

Mu 1966 anatuluka m'dzikomo, ndipo mu 1967 buku lake, House of Bondage, linasindikizidwa ku New York. Boma la South Africa linaliletsa, mwini wakenso sanabwererenso kwawo. Anamwalira ku New York mu Febuluwale 1990, ali ndi zaka 49, patangopita masiku ochepa Mandela atatuluka m'ndende.

Zithunzizo zinachedwa kufika kwawo. David Goldblatt, wojambula mnzake, anakapeza mulu wa zithunzi za Cole ku Hasselblad Foundation, mumzinda wa Gothenburg ku Sweden, ndipo mu 2010 zinapachikidwa ku Johannesburg Art Gallery. Werengani nokha: zaka 43 chitulukireni buku lija. Nyumbayi ili ku Joubert Park, m'mbali mwa njanji yolowera ku Park Station, choncho anthu ankaona zithunzi za sitima zodzaza thothotho kwinaku sitima zenizeni zikudutsa panja. Kenaka mu 2017 manegativu pafupifupi 60,000 anapezeka m'banki ina ku Stockholm, ambiri mwa iwo a zimene anajambula ku America.

Pali chimene chimandivuta pa chionetsero chotere, ndipo ndisabise. Amuna aja anavulidwa kamodzi ndi kampani ya migodi. Pano ali m'mafulemu pakhoma loyera, magetsi akuwawalira, ife ophunzira tikuima patsogolo pawo n'kumayamikira mmene wojambula anakonzera mzere. Kodi si kuwavulanso kachiwiri kumeneku? Ndakhala ndikulimbana nalo funsoli. Chimene chimandikhazikako mtima pansi n'choti Cole anaima kumbuyo kwawo. Nkhope sanazionetse. Palibe mwana angaloze kuti awa ndi bambo anga, ndipo manyazi onse akugwera amene analamula kuti anthu akuluakulu aime chonchi. Komabe chifukwa chomwecho, msana uliwonse pamzerepo ukhoza kukhala wa munthu wa ku Lesotho, wa ku Mozambique, kapena wa ku Dedza.

Pajatu m'zaka zomwe Cole ankajambula, Wenela inali ikutenga amuna ambirimbiri kuno kwathu. Zinadzaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Ngoziyo ena amaikumbukabe, poti inamveka pa wailesi. Za m'chipinda choyezera muja sizinalengezedwe paliponse.

Agogo anga aamuna anapitako ku migodi, ndipo njinga yawo tinaphunzirirapo kupalasa tonse. Chithunzi cha Cole ndili nacho mu foni. Ndapita kumudzi kawiri chichisungireni, tacheza pakhonde mpaka mdima, koma sindinawaonetsebe.