Pomata Zilembo Kumapeto kwa Mawu, Tisaponde Chichewa

Masiku ano Chichewa chathu sichikulembedwa ndi dzanja la munthu lokha. Uthenga umene umagwa pafoni mukatumiza ndalama, chikumbutso cha tsiku lopita kusikelo, lisiti la m'sitolo, zambiri mwa izi zimalukidwa ndi kompyuta motsatira malangizo a mnyamata kapena mtsikana amene analemba pulogalamu. Ana athu odziwa luso limeneli ndimawanyadira kwambiri. Koma mtima umandiwawa ndikamawerenga zina zimene makina awo akulavula, ndipo chilema chake chimakonda malo amodzi: kumapeto kwa mawu.

Olemba mapulogalamu amatcha mndandanda wa zilembo kuti string, ndipo ntchito imene amagwira kosawerengeka ndi kuwonjezera zilembo kumapeto kwake. M'chinenero cha kompyuta cha Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, ukalemba "bwera" + "ni" umapeza "bwerani". Mu Java muli StringBuilder ndi lamulo lake la append. Mu C ya Dennis Ritchie muli strcat, imene imayenda mpaka kupeza chizindikiro chosaoneka chotseka mndandandawo, n'kuyamba kulemba pomwepo. Njira zonsezi khalidwe lake ndi limodzi: zimamata chimene wazipatsa pamene wazilozera, osafunsa kanthu. Kompyuta ilibe khutu. Khutu ndi lako iwe wolemba.

Tiyambire pakamwa. Ndimamva achinyamata akuti, "Ndapanga append," kapena "Tangopangani add pamenepo." Mneni "kupanga" tamusandutsa bulu wosenza mneni aliyense wachilendo, pamene aneni athu ali chikhalire. Tinene kuti, "Ndawonjezera zilembo kumapeto," kapena "Ndalumikiza mawu awiriwa." Ubwino wake sungothera pa kukoma kwa chinenero. Manambala timawaphatikiza: 5 ndi 3 zimatipatsa 8. Zilembo timazilumikiza: "5" ndi "3" mu Python zimatipatsa "53". Chizindikiro n'chimodzimodzi, ntchito n'zosiyana. Wophunzira amene wamva zonse ziwiri zikutchedwa "kupanga add" adzasokonezeka, koma amene wauzidwa za kuphatikiza ndi kulumikiza wagwira kale phunzirolo.

Tsopano tifike pa zolembedwa. Chichewa chili ndi timawu tambiri tokhala kumapeto, ndipo sitiima patokha. Timalemba "yesaninso", osati "yesani nso". Timalemba "zoonadi", "bweranitu", "pitaniko", "lowanimo". Wolemba pulogalamu amene anazolowera kuika mpata asanamate mawu aliwonse amalekanitsa timawuti ndi eni ake, ndiye anthu zikwizikwi amalandira uthenga woti "Takulandirani nso". Mwana wa sukulu akaona zimenezi pafoni ya mayi ake tsiku ndi tsiku, mawa adzalemba chomwecho m'kope, akuganiza kuti ndiye kalembedwe kovomerezeka.

Vuto lokulirapo lili pa timawu tolozera. Wina amaona kuti "nyumbayo" ndi "nambalayo" n'zolondola, basi n'kulamula kompyuta kuti izimata "yo" pa dzina lililonse. Zotsatira zake ndi "dzinayo", "uthengayo", "chiphasoyo". Kodi agogo athu angamve zimenezi osatseka m'makutu? Dzina lililonse lili ndi gulu lake, ndipo kamawu kolozera kamatsata gululo. Timati "dzinalo", "uthengawo", "chiphasocho", "tsikulo", "mabukuwo", "kalatayo". Ngati tikunena ndalama zambiri timati "ndalamazo". Pulogalamu yolemekeza Chichewa iyenera kudziwa gulu la dzina isanamate kanthu.

Pa aneni napo pali lamulo limene pakamwa pathu pamalisunga ngakhale sitinaliphunzire m'kalasi. Sungatenge "tumiza" n'kungomata "idwa" kuti upeze "tumizaidwa". Uyenera kuyamba wachotsa "a" wotsiriza, kenako n'kumvetsera lembo la liwu lomaliza m'tsinde. Likakhala a, i kapena u, timamata "idwa": "mangidwa", "tumizidwa", "gulidwa". Likakhala e kapena o, timamata "edwa": "lembedwa", "tsekedwa", "konzedwa". N'chimodzimodzi ndi "tumizira" ndi "lembera", "gulitsa" ndi "lembetsa". Lamulo limeneli n'losavuta kulilemba m'pulogalamu, mizere yochepa chabe. Chimene chimasowa ndi munthu wodekha woti akhale pansi n'kuliganizira, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chizolowezi chinanso chochokera ku mapulogalamu olembedwera Chingerezi, kumene zinthu zikachuluka nthawi zambiri amangomata "s" kumapeto. Ife kuchuluka timakuonetsa kumayambiriro: munthu ndi anthu, tsiku ndi masiku, chipatso ndi zipatso, mudzi ndi midzi. Nambala nayonso imamvera dzina: "masiku atatu", "mphindi zitatu", "miyezi itatu". Pulogalamu ikangomata mawu osasintha pambuyo pa nambala, imabala zinthu ngati "mwatsala ndi 3 tsiku". Chichewa chimatsogoza dzina, nambala pambuyo: "Mwatsala ndi masiku 3."

Tisaiwalenso kachizindikiro ka mu "ng'". M'zinenero zambiri za kompyuta kachizindikiro komweka ndi kamene kamatsegula ndi kutseka mndandanda wa zilembo, choncho mawu ngati "ng'ombe" amatha kusokoneza pulogalamu. Waulesi amangokachotsa. Koma ng'oma ndi yoimba pagule, pamene ngoma ndi nyama yam'tchire ya nyanga zopotana. Njira zosungira kachizindikiroka zilipo m'chinenero chilichonse cha kompyuta, ndipo aliyense wodziwa ntchito yake amazidziwa. Nalonso lembo la ŵ, kwa amene amalilemba, limatenga mabayiti (timalo tosungiramo) awiri m'kasungidwe ka zilembo ka UTF-8 pamene w wamba amatenga imodzi. Wogwiritsa ntchito strcat akawerenga zilembo m'malo mwa mabayiti, malo amene wasunga amaperewera.

Sitikuyamba lero kusamala kalembedwe. Bungwe la Chichewa Board linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndipo kuyambira mu 1996 ntchito yosamala zinenero zathu ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Aphunzitsi, alembi a mabuku ndi owulutsa mawu pawailesi akhala akusenza mtolo umenewu zaka zonsezi. Lero olemba mapulogalamu alowa nawo m'gulu lomwelo, chifukwa uthenga umodzi wapafoni umafikira anthu ambiri kuposa buku.

Ndiye inu ana athu a luso la kompyuta, pempho langa nali. Pamene n'kotheka, lembani chiganizo chonse chathunthu m'Chichewa n'kusiya mpata wa dzina kapena nambala yokha, m'malo momata tizidutswa. Pamene kumata n'kosapeweka, phunzitsani pulogalamu yanu magulu a mayina ndi lamulo la "idwa" ndi "edwa". Musanatulutse ntchito yanu, werengerani mokweza uthenga uliwonse kwa mayi kapena bambo wachikulire, ndipo akakwinya nkhope bwererani mukakonze. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pulogalamu imene mumaisamala kuti isaphonye ndi kadontho komwe, muisamalenso kuti isaphonye Chichewa.