Kaniguram: kwawo kwa a Ormuri, komwe chilankhulo chikulimbana ndi imfa

Tikamva dzina loti Imran Khan, ambirife timaganiza za masewera a kiriketi kapena ndale za ku Pakistan, komwe anali nduna yaikulu kuyambira 2018 mpaka 2022. Ndi ochepa amene amadziwa kuti mayi ake, a Shaukat Khanum, anali a fuko la Burki. Ukalondola mzere wa fukoli kubwerera m'mbuyo, umakathera ku katauni ka m'mapiri a South Waziristan, kufupi ndi malire a Pakistan ndi Afghanistan. Dzina lake ndi Kaniguram. Nkhani yanga lero ili kumeneko.

Anthu a ku Kaniguram amatchedwa a Ormuri, ena amati a Baraki kapena a Burki. Ndi Asilamu a Chisunni, ndipo azunguliridwa mbali zonse ndi a Mehsud, fuko lalikulu lolankhula Chipashto. Mavalidwe ndi miyambo yambiri amafanana ndi anansi awowo, koma m'nyumba amalankhula chawochawo, Chiormuri, chomwe chili m'banja limodzi ndi Chiperisiya ndi Chipashto koma n'chosiyana nazo. Abale awo ena amakhala ku Baraki Barak m'chigawo cha Logar, kummwera kwa Kabul.

Si anthu adzulodzulo ayi. Babur, amene analanda Kabul mu 1504 kenako n'kuyambitsa ufumu wa a Mughal ku India, analemba m'buku la moyo wake mndandanda wa zilankhulo za m'dera la Kabul. Chibaraki chilimo.

Mwana wawo wotchuka kwambiri m'mbiri ndi Bayazid Ansari. Anabadwira ku Jalandhar cha m'ma 1525, koma anakulira ku Kaniguram. Atakula anayamba kuphunzitsa kuti kupembedza kwa pakamwa pokha sikukwanira, munthu afunefune Mulungu ndi mtima wake wonse. Anthu anamutsatira ambiri, n'kumupatsa dzina loti Pir Roshan, kutanthauza mphunzitsi wa kuwala. Koma si onse anakondwa. Shehe wina wamphamvu, Akhund Darweza, ankamutcha Pir Tarik, mphunzitsi wa mdima, ndipo analemba zambiri zomutsutsa. Gulu la Bayazid linafika polimbana ndi asilikali a mfumu Akbar, ndipo iye atamwalira mwana wake Jalala anapitiriza nkhondoyo. Zidzukulu nazonso zinalowamo.

Tsono apa ndi pamene pamandigwira mtima. Bayazid analemba buku lotchedwa Khair al-Bayan, limodzi mwa mabuku akale kwambiri a Chipashto. Analilemba m'zilankhulo zinayi: Chipashto, Chiperisiya, Chiarabu ndi chilankhulo cha ku India. Chiormuri mulibe. Munthu amene anathandiza kuti Chipashto chikhale cholembedwa anasiya cha kumudzi kwawo chili cha pakamwa basi. Sitingamuimbe mlandu kwenikweni, ankafuna kuti uthenga wake ufike kutali. Koma ndi mmene zilankhulo zing'onozing'ono zimayambira kufooka: ana ake anzeru amakamangira nyumba za eni.

A Burki amene anakakhazikika ku Jalandhar, kumene kunachokera banja la mayi a Imran Khan, anasunga dzina koma chilankhulo chinawapulumuka. Anatulutsa madokotala, akuluakulu a asilikali ndi akatswiri a kiriketi. Javed Burki, Majid Khan ndi Imran Khan, ana a azimayi apachibale, onse atatu anatsogolerapo timu ya Pakistan. Ku Logar nako zinthu sizinayende bwino. George Grierson anasindikiza kafukufuku wa chilankhulochi mu 1918, ndipo Georg Morgenstierne wa ku Norway atafika ku Afghanistan mu 1924 anapeza kuti ku Logar chayamba kale kuzilala, anthu akutembenukira ku Chiperisiya ndi Chipashto. Lero kumeneko olankhula atsala owerengeka.

Ndiye chiyembekezo chonse chinatsalira pa Kaniguram. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kumeneko mwana ankamva Chiormuri kunyumba, kumsika ndi pabwalo losewerera. Chilankhulo chimafuna malo oti anthu ake aunjikane.

Mu Okutobala 2009 asilikali a Pakistan anayamba nkhondo yothamangitsa a Taliban ku South Waziristan. Anthu a ku Kaniguram anathawa, ena ku Tank, ena ku Dera Ismail Khan, ena mpaka ku Karachi, ndipo ambiri anakhala zaka asanabwerere. Taganizani mwana wobadwira m'nyumba ya lendi ku Karachi. Anzake akusewera mu Chiurdu, kusukulu Chiurdu ndi Chingerezi, Chiormuri amangochimva agogo akamakalipa. Mwana ameneyo akadzakhala kholo, ana ake adzawalankhula chiyani?

Dzina la a Ormuri limapezekanso pa mindandanda imene mabungwe achikhristu amalemba ya mitundu yomwe uthenga wabwino sunaifikire, ndipo amapempha okhulupirira kuti aziwapempherera. Ine sindikutsutsa pemphero. Chomwe ndikunena n'chakuti wofuna kuwafikira ayambe wawadziwa. Awa si anthu oti za Mulungu sanazimvepo. Makolo awo anakangana za mapembedzedwe oona, kulemba mabuku ndi kufera chikhulupiriro chawo zaka zoposa 400 zapitazo.

Ndipo mbiri ya derali ili ndi phunziro lake. Amishoni a Church Missionary Society anafika m'mphepete mwa Waziristan m'zaka za m'ma 1800, ndipo chimene chinawatsegulira makomo chinali mankhwala. Ku Tank kunali chipatala cha mishoni choyendetsedwa ndi Dr John Williams, Mkhristu wa ku India. Mu 1879 a Mehsud ataukira tauniyo n'kuitentha, chipatalacho anachisiya, poti dokotalayo ankawachiritsa. Ku Bannu kunali Dr Theodore Pennell, amene anaphunzira Chipashto, n'kumavala ngati eni dera, ndipo anagwira ntchito kumeneko kuyambira 1893 mpaka imfa yake mu 1912. Otembenuka anali ochepa kwambiri, zimenezo tisabise. Koma ulemu umene anthuwa anapatsidwa unachokera pa kukhala nawo nthawi yaitali ndi kuphunzira kulankhula monga eni ake.

Lero pali a Burki ena ophunzira amene akulemba Chiormuri, kukonza zilembo zake ndi kusonkhanitsa mawu asanapite ndi nkhalamba. Ntchito imene Bayazid sanaichite akuichita adzukulu a anthu ake, mochedwa koma ndi mtima wonse. Aliyense wonena kuti amawakonda a Ormuri, kaya ndi Mkhristu, Msilamu kapena wofufuza wa ku yunivesite, funso loyamba ndi lomwelo: kodi moni wa m'chilankhulo chawo mukuudziwa?