Mayadi ndi mageto a Lilongwe: mzinda umene unagawidwa usanamangidwe

Munthu akafika mu Lilongwe kudzayamba ntchito, anzake sachedwa kumufunsa kuti, "Nyumba mwaipeza kuti?" Yankho limakhala nambala chabe, koma nambalayo imaulula zambiri. Akati ku 43 kapena ku 10, anthu amadziwiratu kuti lendi akumulipirira ndi bungwe, mwinanso m'madola. Akati ku 47 kapena ku 18, amati ameneyu zake zikuyenda. Akati ku 25, ku 23 kaya ku 36, ndiye kuti ndi mnzathu wothamangira minibasi m'mawa. Koma akangotchula kwa Mtandire, kwa Mgona kapena kwa Kauma, ena amayamba kumumvera chisoni asanaione n'komwe nyumbayo.

Kusiyana kumeneku kuli ndi eni ake, kulinso ndi zaka zake. Mbali yaikulu inajambulidwa papepala mu 1968, ku Capital Hill kudakali minda ndi midzi.

Malire oyamba unali mtsinje. Atsamunda atakhazikitsa boma m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anagawa malo monga ankachitira kwina konse. Azungu anatenga tsidya la kumadzulo, pamtunda popita mphepo, pamene lero timati Area 3. Kumeneko kunali maofesi a DC, nyumba za makhonde aakulu, kenako bwalo la gofu. Amwenye anamanga masitolo tsidya la kum'mawa, ku Area 2 ya lero, banja likugona kuseri kwa sitolo. Anthu akuda, amene ankasenza katundu, kuphika ndi kugwira ntchito zaukalaliki, anakhazikika kuseri kwa msika, kumene kunakula Kawale, Biwi, Mchesi ndi Falls. Fodya wa chikopa amene A.F. Barron anayamba kulimitsa ku Mbabzi m'zaka za m'ma 1920 anabweretsa ndalama ndi malole, komabe Lilongwe anakhalabe katauni kafumbi. Kalembera wa mu 1966 anapezamo anthu osakwana 20,000.

Dr Kamuzu Banda ankanena okha kuti maganizo osamutsa likulu kuchoka ku Zomba anawafikira ali m'ndende ku Gwelo, pamodzi ndi maganizo a yunivesite komanso a msewu wa m'mbali mwa nyanja. Dziko la Britain linakana kupereka ndalama, ati dziko losauka lili ndi zina zofunika kuyambira. Limene linavomera ndi boma latsankho la South Africa, limene Malawi anali atangokhazikitsa nalo ubale wa ukazembe mu 1967. Mu 1968 linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni, ndipo chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Capital City Development Corporation, lodziwika kuti CCDC, loti limange mzindawu. Pulani yoyamba anajambula ndi akatswiri a komweko ku South Africa, a Gerke ndi a Viljoen.

Pulaniyo sinatchule mzungu kapena munthu wakuda. Inagawa anthu potengera thumba ndi udindo. Komabe aliyense amene anaonapo momwe Johannesburg anayalidwira, olemera pafupi ndi maofesi, kenako mtunda wopanda nyumba, kenako antchito kutali uko, sangalephere kuzindikira dzanja limene linagwira pensulo.

Cholinga chinali mzinda wa mitengo ndi maluwa, wotakasuka, wopanda kuthithikana. Pafupi ndi Capital Hill anadula mapoloti aakulu a Area 10, 11 ndi 12, ndipo pambuyo pake 43, kuti muzikhala akuluakulu a boma ndi akazembe. Poloti imodzi ya kumeneko mungadulemo mapoloti angapo a ku Area 25 ndipo malo a dimba n'kutsalabe. Ogwira ntchito m'boma a maudindo apakati anawamangira nyumba zofanana ku Area 18 ndi Area 15, za madzi m'nyumba ndi misewu ya tara. Otsalawo, amene ndiwo anali ochuluka, anawakonzera madera otchedwa Traditional Housing Areas, monga Area 25 kumpoto ndi Chilinde, Area 22 ndi Area 23 chakumwera. Kumeneko munthu ankalandira poloti, msewu wafumbi, chimbudzi chokumba ndi mpopi wotungapo anthu ambiri, ndipo nyumba ankamanga yekha ndi zimene wakwanitsa, ngakhale zidina.

Ganizo limeneli palokha silinali loipa. Linavomereza kuti boma silingamangire aliyense, ndipo linapatsa wosauka malo ovomerezeka amene akanatha kuwakonza pang'onopang'ono. Mabanja ambiri a ku 25 anayamba ndi kachipinda kamodzi, lero ali ndi nyumba za njerwa zootcha ndi zina zalendi kuseri. Chimene chinalakwika ndi mtunda. Kuchokera ku Area 25 kufika ku Old Town ndi makilomita oposa 10, ndipo pakati pa Old Town ndi City Centre anasiyapo nkhalango ya Nature Sanctuary. Mzinda unapangidwira munthu wa galimoto m'dziko limene pafupifupi aliyense ankayenda pansi.

Manambala a maderawa, tinene podutsa, sanatsatire mapu. Dera linkalandira nambala potengera nthawi imene latsegulidwa, n'chifukwa chake Area 10 yagundizana ndi Area 43, ndipo mlendo wofuna Area 12 akangotsatira manambala akhoza kulowetsa dzuwa akuzungulira.

Likulu linasamuka mu 1975. Nthawi imene CCDC inali ndi mphamvu, womanga popanda chilolezo ankadziwa kuti nyumba yake siichedwa kugwetsedwa, ndipo midzi imene inali pamalo ofunikira inasamutsidwa. Bungweli linathetsedwa mu 1984, ntchito zake n'kugawidwa ku unduna, ku Malawi Housing Corporation ndi ku khonsolo ya mzinda. Kuyambira pamenepo mapoloti ovomerezeka anayamba kuchepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ofika tsiku ndi tsiku. Mu 1977 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 99,000. Mu 1998 anali atapitirira 440,000, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza 989,318. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, mantha omanga paliponse anatha, ndipo wandale aliyense ankadziwa kuti kugwetsa nyumba n'kugwetsa mavoti. Mu 2004 Bingu wa Mutharika analamula kuti maunduna amene anali atatsalira ku Blantyre asamukire ku Lilongwe, a Mutharika nawonso n'kulowa m'nyumba yachifumu ya ku Area 44. Lendi inakwera mzinda wonse.

Anthu amene pulani inawaiwala anapita kwa mafumu. M'malire a mzinda munatsala midzi imene mafumu ake ankagawabe malo mwa chikhalidwe, ndipo kumeneko poloti inkapezeka popanda fomu, popanda kudikira zaka. Umu ndi mmene kwa Chinsapo, kwa Mtandire, kwa Kauma, kwa Mgona ndi kwa Senti kunadzadzira. Lipoti la UN-Habitat la mu 2011 linati pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse a mu Lilongwe amakhala m'madera otere, osakonzedwa ndi pulani. Ndiye kuti amene timawatcha okhala m'mbali ndiwo mzinda weniweniwo.

Mukayang'anitsitsa mapu muona chinthu chimene sichinachitike mwangozi. Pafupifupi dera lililonse lamayadi lili ndi geto yake pambali. Mtandire wayandikana ndi Area 47. Kauma ali kuseri kwa Area 12 ndi Area 43, osati patali ndi nyumba ya mtsogoleri wa dziko. Chinsapo ali chakumadzulo kwa Area 3. Mgona ndi Senti anamera m'mbali mwa mafakitale a ku Kanengo, kumene nyengo ya fodya imakoka aganyu ochokera m'maboma onse ozungulira. Nyumba yamayadi imafuna mlonda, wophika, wolera ana ndi wosamalira maluwa, koma malipiro amene imapereka sakwanira lendi ndi minibasi pamodzi. Boyizikota imakwana munthu mmodzi, mwina ndi banja lake, ndipo masiku ano eni nyumba ambiri anaisandutsa yalendi. Choncho wantchito amafuna malo oti azifika kuntchito wapansi. Imani cha m'ma 5 koloko m'mawa pa njira zotuluka kwa Mtandire kapena kwa Kauma, muone mzere wa anthu ukulowera kumayadi, ukupatukana ndi alonda amene akubwerera kukagona.

Apa m'pamene mawu amene ena amanenera mageto oti "dera losafunika" amafunika kuwasamala. Losafunika kwa yani? Kwa mayi wochapa zovala ku 47, kachipinda ka kwa Mtandire n'kamtengo wapatali kuposa nyumba yabwino ya ku Lumbadzi, chifukwa sikamudyera ndalama ya thiransipoti. Kugeto makala, tomato ndi mafuta ophikira zimagulidwa pang'onopang'ono, malinga ndi zimene zapezeka tsiku limenelo. Maliro akagwa, mfumu imalengeza ndipo anthu amasonkhana. Kumayadi munthu atha kukhala zaka zisanu osadziwa dzina la mnzake wa kuseri kwa mpanda, amangodziwa kulira kwa galu wake ndi jenereta yake.

Koma tisakometsere umphawi. Madzi a pakiyosiki amafuna mzere ndi zigubu, ndipo akasiya kutuluka anthu amatsikira ku zitsime zosatetezeka, pafupi ndi zimbudzi zokumba. Misewu ndi yopapatiza moti ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto imathera panjira. Chimbudzi chimodzi chimatumikira mabanja onse a papoloti. Malo otsika mtengo kwambiri amakhala a m'mphepete mwa mitsinje, ndipo mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi utasefukira, kwa Mtandire kunagwa nyumba zambiri, asilikali mpaka anabwera ndi helikoputala kudzapulumutsa anthu. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre, anafala kwambiri m'madera othithikana omwewa. Ndipo pali chilango china chosalembedwa: mnyamata wofuna ntchito akatchula kumene amakhala, ena amayamba kumuyang'ana ngati wakuba.

Nako kumayadi zinthu sizinaime malo amodzi. Area 3, imene inali ya DC ndi anzake, yadzaza maofesi, malo ogona alendo, sukulu ndi zipatala za anthu wamba, ndipo zomwezo zikuchitika ku Area 9, ku 10 ndi ku 47. Mwini nyumba amawerengera n'kuona kuti bungwe limalipira bwino kuposa banja. Area 18, imene m'zaka za m'ma 1970 inali loto la kalaliki aliyense, yakalamba pamodzi ndi mapaipi ake. Mu July 2017 anthu a kumeneko anatsegula mipopi n'kupeza madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, nkhani imene inakathera kukhoti. Area 47 inakwera chifukwa cha mapoloti ake ndi malo ake apakati, kenako Gateway Mall ndi bwalo la Bingu National Stadium, limene linatsegulidwa mu 2017, zinakokera ndalama mbali imeneyo. Ku Area 49 kunabadwa madera amene anthu anawatcha okha mayina, Gulliver, Shire, Dubai, Baghdad, kumene nyumba za matailosi zinafika msewu wa tara usanafike.

Chimene sichinasinthe ndi mpanda. M'zithunzi zakale za ku Area 10 mumaoneka maheji ndi kapinga wofika kumsewu. Lero ndi makoma a njerwa, waya wamagetsi pamwamba, geti yachitsulo ndi chikwangwani cha kampani ya alonda. Mzinda wa maluwa uja ulipobe, koma umaoneka kwa amene wamutsegulira geti.

Zaka zaposachedwapa zabweretsa mtundu wachitatu wa dera, umene a Gerke ndi a Viljoen sakanauzindikira. Anthu a malipiro abwino, atatopa kudikira poloti ya boma, nawonso apita kwa mafumu ndi kwa madobadoba. Akugula minda cha ku Airwing, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, wa ku Bunda, wa ku Salima ndi wa Bypass, n'kumanga nyumba zazikulu kumene kulibe suweji kapena ngalande, madzi akudalira mjigo wawo ndi thanki, magetsi akudalira sola. Dzinja likafika, galimoto zamtengo wapatali zimatitimira m'matope omwewo amene kabaza amadutsamo. Ena akugula m'mphepete mwa Chinsapo, Kauma ndi Mtandire momwemo, kumene mwini kanyumba ka zidina amalandira ndalama imene sanaionepo n'kugulitsa. Wogulayo amagwetsa kanyumbako, amayamba ndi mpanda, ndipo mabanja amene ankachita lendi pamenepo amanyamula mphasa ndi mbaula kukafuna chipinda patsogolo, kutali pang'ono ndi kuntchito.